Mbale Imodzi ya Myuda, Mgiriki ndi Kapolo

Cha m'ma 112, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia ndi Pontus, kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, analembera kalata mfumu ya Roma, Trajan, kufunsa chochita ndi Akhristu. Dzina lake anali Pliny. Sankawakonda, ndipo ena anali atawaphetsa kale chifukwa chokana kuthira nsembe kwa milungu. Chomwe chinamuimitsa mutu chinali kuchuluka kwa oimbidwa mlanduwo ndi kusiyana kwawo: ana ndi akulu, amuna ndi akazi, apamwamba ndi apansi, a m'mizinda ndi a kumidzi komwe. Ena anali nzika za Roma, moti anangowalemba kuti akaweruzidwe ku likulu. Koma pofuna kudziwa zomwe zinkachitika m'misonkhano yawo, anazunza akazi awiri, onse akapolo, amene Akhristu anzawo ankawatcha atumiki. M'gulu limodzi munali munthu amene lamulo linkamutchinjiriza ngakhale pamaso pa bwanamkubwa, ndi munthu amene umboni wake unkamveka m'bwalo pokhapokha atazunzidwa. Wachiwiriyu ndiye anali ndi udindo.

Apa n'kuti patangodutsa zaka pafupifupi 80 chipachikidwire Yesu, Myuda wa ku Galileya amene ophunzira ake oyamba onse anali Ayuda anzake. Nanga chinakokera anthu osiyana chotere mumpingo umodzi n'chiyani? Kunena kuti chinakoka anthu ndi uthenga wa chikondi n'zoona, koma sikukwanira. Anzeru achigiriki otchedwa Astoiki nawonso ankaphunzitsa kuti anthu onse ndi apachibale, koma chiphunzitso chawo sichinabale misonkhano ya sabata ndi sabata ya amisiri, akapolo ndi amayi amasiye. Nkhani ili pa zinthu zogwirika: khomo lolowera, chakudya, thumba la ndalama, ndi njira zomwe uthengawo unkadzera. Pa zonsezi panavuta kwambiri ndi pa chakudya.

Milungu yobadwa nayo

Masiku amenewo munthu sankasankha milungu. Ankaipeza pobadwa, monga apezera mfunda. Banja linali ndi milungu yake, mzinda yake, fuko yake: Atene anali ndi Athena, Efeso anali ndi Artemis. Kapolo ankatumikira pa nsembe za mbuye wake, ndipo mlembi wachigiriki Plutarch analangiza akwati kuti mkazi azipembedza milungu ya mwamuna wake yokha. Munthu ankatha kuwonjezerapo mulungu wina, Isis wa ku Igupto mwachitsanzo, koma osataya ya kwawo.

Ayuda nawonso anali fuko. Wofuna Mulungu wawo ndi mtima wonse ankalowa mtundu wawo: mdulidwe kwa mwamuna, Sabata, malamulo a zakudya, ndi kuleka nsembe za makolo ake. Mdulidwe unali chopunthwitsa chachikulu. Agiriki ndi Aroma ankauona ngati kudzipundula, ndipo popeza amuna ankasamba limodzi m'nyumba zosambira za mzinda, osavala, chinali chinthu chosabisika.

Chikhalirecho Chiyuda chinkakopa anthu ambiri. Malemba ake anali atayamba kumasuliridwa m'Chigiriki ku Alexandria cha m'ma 250 Yesu asanabadwe, ndipo masunagoge anali m'mizinda yambiri ya ufumuwo. Choncho panabadwa gulu la anthu oima pakhomo, otchedwa oopa Mulungu: amitundu omwe ankabwera kudzamva Malemba ndi kuthandiza sunagoge ndi chuma chawo, koma osadulidwa. Mwala wina wofukulidwa ku Aphrodisias, ku Turkey, uli ndi mayina a Ayuda pamodzi ndi mndandanda wa oopa Mulunguwa, ena mwa iwo makhansala a mzinda. Korneliyo wa ku Kaisareya, Lidiya wogulitsa nsalu zofiirira ku Filipi, ndi Tito Yusto amene nyumba yake inagundana ndi sunagoge wa ku Korinto, onse anali a gulu limeneli. Anthu otere sankafunika kuphunzitsidwa kuti Abrahamu ndani. Chomwe ankasowa chinali wowauza kuti lowani m'nyumba, mpeni palibe, ndipo simukhala alendo. N'chifukwa chake Paulo akafika mumzinda ankayambira kusunagoge, ndipo akapirikitsidwako sankatuluka yekha.

Mng'alu woyamba, ndi khomo litatseguka

Mkangano woyamba wolembedwa mumpingo unali wa Ayuda okhaokha, ndipo unali wa chakudya. Machitidwe 6 akunena kuti Ayuda olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akulambalalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Anasankhidwa amuna 7 oyang'anira ntchitoyo: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao. Mayina onsewa ndi achigiriki, ndipo Nikolao anali wa ku Antiokeya, wolowa Chiyuda atabadwa wamitundu. Zikuoneka kuti nkhokwe inaperekedwa m'manja mwa odandaulawo.

Gulu lomweli ndilo linabalalika Stefano ataphedwa, ndipo ndilo linayamba kulumpha malire. Filipo anapita kwa Asamariya, adani akalekale a Ayuda, kenako anabatiza nduna yosunga chuma cha Kandake. Kandake linali dzina la udindo la mafumukazi a ufumu wa Meroë, m'dziko lomwe lero ndi Sudan. Munthuyu anali mfule, ndipo Deuteronomo 23:1 amatsekera mfule kunja kwa msonkhano wa Yehova. Funso lake pamadzi paja, lakuti chondiletsa kubatizidwa n'chiyani, linali funso la munthu wozolowera kuletsedwa.

Ku Antiokeya, mzinda wachitatu kukula pambuyo pa Roma ndi Alexandria, amuna a ku Kupro ndi Kurene anayamba kulalikira kwa Agiriki enieni. Atsogoleri 5 otchulidwa pa Machitidwe 13:1 akusonyeza mtundu wa mpingo womwe unabadwa: Barnaba, Mlevi wa ku Kupro, Simeoni wotchedwa Nigeri, liwu la Chilatini lotanthauza wakuda, Lukiyo wa ku Kurene, ku Libya, Manaeni, woleredwa pamodzi ndi Herode, ndi Saulo, Mfarisi wa ku Tariso. Gulu lotere silikanatchedwanso ndi dzina la fuko lililonse, ndipo kumeneko ndi komwe dzina lakuti Akhristu linayambira.

Walira mvula walira matope. Cha m'ma 49 atsogoleri anakumana ku Yerusalemu nagwirizana kuti amitundu asadulidwe. Machitidwe 15 akutchula zinthu zinayi zomwe anapemphedwa kupewa: nyama yoperekedwa kwa mafano, mwazi, nyama yopotola, ndi dama. Zitatu mwa zinayizi n'zapambale. Cholinga chinali chakuti Myuda wosunga chilamulo athe kukhala pansi n'kudya ndi mbale wake wamitundu osadetsedwa mumtima.

Zinavutabe. Pa Agalatiya 2, Paulo akusimba kuti Petro ankadya ndi amitundu ku Antiokeya, koma atafika anthu ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula, Ayuda ena n'kumutsatira, mpaka Barnaba yemwe. Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Wina angaone ngati n'kukuza nkhani yaing'ono, koma Mgonero wa Ambuye nthawi imeneyo unali chakudya chenicheni chamadzulo, chokhutitsa. Mbale ziwiri zikanatanthauza migonero iwiri, ndipo migonero iwiri ndi mipingo iwiri. Wamitundu akanamva kuti ubatizo wake ndi wosakwanira kufikira atadulidwa. Petro naye sanali wamantha chabe: Akhristu a ku Yerusalemu ankakhala pakati pa Ayuda anzawo m'nyengo yomwe chidani ndi ulamuliro wa Aroma chinali kukula, ndipo mbiri yakuti atsogoleri awo akudya ndi osadulidwa ikanawaika pamoto. Paulo sanena kuti anapambana mkanganowo, ndipo posakhalitsa anasiyana njira ndi Barnaba.

Nkhaniyi inabukanso ku Roma. Mfumu Claudius inapirikitsa Ayuda mumzindawo cha m'ma 49, Akula ndi Priskila ali m'gulumo, ndipo itamwalira mu 54 obwerera anapeza mipingo ili m'manja mwa amitundu. Pa Aroma 14, kalata ya cha m'ma 57, tikumva za okhulupirira ena omwe ankangodya ndiwo zamasamba, mwina poopa nyama yosaphedwa mwachilamulo. Ulendo uno Paulo anateteza osamalawo: wakudya asanyoze wosadya.

Ku Korinto: wina wakhuta, wina ali ndi njala

Mpanda wa fuko unali umodzi. Wa chuma unali wina, ndipo Korinto amauonetsa bwino kuposa mzinda uliwonse. Aroma anaugwetsa mu 146 Yesu asanabadwe, ndipo Julius Caesar anaumanganso mu 44 Yesu asanabadwe, nakhazikamo akapolo omasulidwa ambiri. Unali mzinda wa madoko awiri ndi wa anthu ofuna kukwera. Paulo anakhalamo chaka ndi theka akusoka mahema, ndipo nthawi yake tikuidziwa chifukwa anaonekera pamaso pa Galiyo, amene mwala wa ku Delphi ukusonyeza kuti ankalamulira Akaya, chigawo chomwe munali Korinto, cha mu 51 ndi 52.

Paulo akuti mumpingomo anzeru, amphamvu ndi obadwa m'mabanja omveka sanali ambiri. Osachuluka, koma analipo: Krispo mkulu wa sunagoge, Gayo amene nyumba yake inkalandira mpingo wonse, Erasto msungichuma wa mzinda, ndi Febe wa kudoko la Kenkreya, dikoni amene ankathandiza ambiri ndi chuma chake. Ambiri mwa otsalawo anali amisiri, aganyu ndi akapolo.

Tsono taganizirani msonkhano m'nyumba ya munthu wopeza bwino. Chipinda chodyera cha Aroma chinali ndi mabedi atatu, lililonse la anthu atatu odya chotsamira, onse pamodzi 9. Ena onse ankakhala pabwalo la m'kati mwa nyumba. Lamulungu linali tsiku la ntchito (linadzakhala lopuma mu 321, pa lamulo la Constantine), kotero opeza bwino ankafika dzuwa likadalipo, pomwe kapolo ankadikira kuti mbuye wake amumasule. Kuwonjezera apo, kusiyanitsa alendo pachakudya unali mwambo wosachititsa manyazi. Pliny yemwe uja, m'kalata ina, akudandaula za phwando lomwe mwininyumba anaika vinyo wa mitundu itatu: wake ndi alendo olemekezeka, wa abwenzi wamba, ndi wa akapolo omasulidwa. Akhristu olemera a ku Korinto ankangochita zomwe aliyense ankachita. Zotsatira zake ndi zomwe zili pa 1 Akorinto 11: wina waledzera, wina ali ndi njala.

Paulo akuti chimenecho si Mgonero wa Ambuye konse, n'kunyoza mpingo wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi osowa. Mawu otchuka a mkate ndi chikho, omwe amawerengedwa pa Mgonero m'matchalitchi mpaka lero, anawalemba ali m'kati modzudzula zimenezi. Malangizo ake ndi achidule: lindanani, ndipo wanjala yosapiririka adyeretu kwawo. Wodziwa chidyerano cha kumudzi, pomwe mbale za m'nyumba zosiyana zimaikidwa pamodzi ndipo mwana wamasiye amapisa dzanja pofanana ndi mwana wa mfumu, akumva chomwe Paulo ankafuna. Koma tiyenera kunena kuti yankho lakelo silinathetse umphawi wa aliyense. Linangoletsa kuti uonekere pa mphasa ya Ambuye.

Mkangano wa nyama ya mafano, pa 1 Akorinto 8 mpaka 10, unalinso ndi mbali ya chuma. Akachisi anali ndi zipinda zodyera zomwe anthu ankachitiramo maphwando a mabanja ndi a malonda, ndipo munthu ngati Erasto sakanatha kuwakana onse osataya malo ake. Wosauka nyama ankaiona kawirikawiri pa zikondwerero za milungu, moti kwa iye nyama ndi fano zinali zosalekanitsika. Paulo analola kugula pamsika osafunsa, analola kukadya kwa wosakhulupirira, koma analetsa kudya ngati wina wanena kuti iyi ndi ya nsembe.

Kuvula ndi kupsompsonana

Ufumu wa Roma unkalemba udindo wa munthu pathupi pake. Nzika yokha ndiyo inkavala chovala chotchedwa toga, maseneta anali ndi mzere wofiirira waukulu pa malaya, ndipo mphete yagolide inali chizindikiro cha gulu la olemera lotsatira maseneta. M'bwalo la zisudzo mipando inkagawidwa motsata maudindo. Pamene kalata ya Yakobo ikudzudzula mpingo wopereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti ima uko, ikutsutsa dongosolo lomwe munthu aliyense ankaliona ngati lachibadwa.

Ubatizo unkagwira ntchito pamenepa. Mawu a pa Agalatiya 3:28, akuti mulibe Myuda kapena Mgiriki, kapolo kapena mfulu, mwamuna ndi mkazi, akubwera atangotchula za kuvala Khristu mu ubatizo, ndipo ofanana nawo ali pa 1 Akorinto 12:13 ndi Akolose 3:11. Buku la malangizo a mpingo la m'zaka za m'ma 200, lotchedwa Traditio Apostolica, likulongosola ndondomeko yake. Wofuna kulowa ankabwera ndi omuchitira umboni. Ankafunsidwa za banja lake ndi ntchito yake: wosunga nyumba ya mahule, wosema mafano, wa zisudzo, womenyana m'bwalo la masewero, aleke kapena abwezedwe. Za fuko lake panalibe funso. Kalasi inali ya zaka zitatu, koma wakhama ankafulumizidwa, pakuti ankayang'ana khalidwe. Asanabatizidwe ankafufuzidwa ngati ankalemekeza amasiye ndi kuzonda odwala. Pa tsikulo onse ankalowa m'madzi atavula, amayi atamasula tsitsi ndi kuchotsa zokometsera zagolide. Potuluka ankalandiridwa ndi mpsompsono.

Mpsompsonowu si nkhani yaing'ono. Makalata a Chipangano Chatsopano akuulamula kasanu, ndipo unali moni wa pachibale. Kutchana abale ndi alongo kunkadabwitsanso akunja mpaka kufalitsa mphekesera zakuti Akhristu amagonana pachibale. Chomwe chinkachitika n'chakuti anthu opanda magazi amodzi ankapanga fuko latsopano, ndipo pofika m'zaka za m'ma 100 ena ankalitcha mtundu wachitatu, wosakhala Ayuda kapena Agiriki. Justin, wobadwira ku Flavia Neapolis m'dziko la Samariya, analemba cha m'ma 155 kuti iwo amene kale ankadana ndi kukana kuotha moto umodzi ndi a mtundu wina tsopano amakhalira limodzi.

Thumba la mpingo

Mabungwe osakaniza akapolo ndi afulu analipo kale, ndipo ndi bwino kuwayerekeza. Ku Lanuvium, pafupi ndi Roma, kuli mwala wa mu 136 wokhala ndi malamulo a bungwe lina lomwe linkathandiza pa maliro. Polowa munthu ankalipira ndalama za sestertius 100, malipiro a msilikali a mwezi wathunthu, ndi mtsuko wa vinyo wabwino, kenako kangachepe mwezi uliwonse. Akamwalira, bungwe linkatulutsa 300. Koma wolephera kusonkha miyezi 6 sankalandira kanthu. Mphatso za olemera ku mzinda nazo zinkapita kwa nzika, makhansala n'kulandira zambiri kuposa anthu wamba. Kupatsa kunali kuika: wopatsayo ankakolola ulemu ndi chipilala chokhala ndi dzina lake.

Mumpingo munalibe ndalama yolowera. Justin akuti pa Lamulungu opeza bwino ankapereka monga afunira, ndalamazo n'kusungidwa ndi wotsogolera kuti zithandize ana amasiye, amayi amasiye, odwala, am'ndende ndi alendo. Tertullian wa ku Carthage, mu 197, akuwonjezera kuika maliro a osauka, akapolo okalamba, opulumuka ngozi za panyanja, ndi okhulupirira otumizidwa kumigodi. Wolandira sankayenera kukhala wosonkha. Mu 251 bishopu Cornelius anawerenga kuti mpingo wa ku Roma unali ndi ansembe 46, madikoni 7, ndi amasiye pamodzi ndi ovutika oposa 1,500 odalira thumbalo.

Chachilendo kwambiri chinali ndalama zowoloka nyanja kupita kwa anthu a mtundu wina. Paulo anatha zaka akusonkhetsa mipingo ya amitundu ya ku Galatiya, Makedoniya ndi Akaya kuti ithandize osauka a ku Yerusalemu. Dongosolo lake linali lakuti aliyense aziika padera kenakake tsiku loyamba la sabata monga wapindulira, ndipo mipingo isankhe yokha anthu onyamula, kuti pasapezeke womunena kuti wadya ndalama. Pa Aroma 15:31 akupempha mapemphero kuti mphatsoyo ikalandiridwe, kusonyeza kuti ankaopa kukanidwa: kuilandira kunali kuvomereza kuti osadulidwawo ndi abale. Patapita zaka 200, Cyprian wa ku Carthage anatumiza sestertius 100,000 kukawombola Akhristu a ku Numidia ogwidwa ndi achifwamba. Pa mliri wa m'ma 250, bishopu Dionysius wa ku Alexandria akusimba za Akhristu osamalira odwala mpaka kufa nawo. Iye ankatamanda nkhosa zake, inde, koma mu 362 mfumu Julian, mdani wa Chikhristu, inadandaula kuti Agalileyawa (ndi momwe inkatchulira Akhristu) akudyetsa osauka awo ndi athu omwe.

Njira zomwe uthenga unkadzera

Chigiriki cha pamsika chinkamveka kuchokera ku Suriya mpaka ku Roma, ndipo misewu ngati Via Egnatia, wodzera ku Filipi ndi Tesalonika, inkafupikitsa maulendo. Izi n'zodziwika. Chofunika kuposa apo n'chakuti uthenga unkayenda m'maubale omwe analipo kale. Nyumba ya Mroma inali ndi mwini, mkazi, ana, akapolo, omasulidwa ndi antchito, motero nyumba ya Lidiya kapena ya Korneliyo itabatizidwa, mpingo unkabadwa uli wosakanizika kale. Pamenepa pali funso lowawa, la kuchuluka kwa ufulu womwe kapolo anali nawo pobatizidwa pamodzi ndi mbuye wake.

Uthenga unkakweranso kuchokera pansi. Celsus, wotsutsa Chikhristu wa cha m'ma 178, ankanyoza kuti aphunzitsi ake ndi opota ubweya, osoka nsapato ndi ochapa nsalu, omwe amati zii pamaso pa ambuye awo koma akapeza ana ndi amayi paokha amayamba kulankhula zodabwitsa. Ankafuna kunyoza, koma anatisiyira chithunzi cha momwe chikhulupiriro chinkalowera m'nyumba zazikulu kudzera kukhitchini ndi kumalo ogwirira ntchito.

Amayi anali ambiri. Mu 303, akuluakulu a boma atalanda katundu wa mpingo wa ku Cirta, ku Algeria wa lero, analemba zovala za amayi 82 ndi za abambo 16. Mpingo unkaletsa kutaya makanda, mchitidwe womwe unkagwera kwambiri ana aakazi, unkalamula mwamuna kukhala wokhulupirika monga mkazi, ndipo wamasiye sunkamukakamiza kukwatiwanso. Chipembedzo cha Mithras, chomwe chinafala m'nyengo yomweyo, chinkalandira amuna okha.

Kukula kwake sikunafune makamu otembenuka tsiku limodzi. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Rodney Stark, anawerengera mu 1996 kuti Akhristu 1,000 a m'chaka cha 40, atamawonjezeka ndi 40 pa 100 alionse zaka 10 zilizonse, akanafika pa 6 miliyoni mu 300, m'ufumu wa anthu pafupifupi 60 miliyoni. Ndi masamu oyerekeza, koma tanthauzo lake n'lomveka: mpingo wa anthu 100 unkangofunika kuwonjezera atatu kapena anayi pachaka.

Pabwalo la zilombo, ndi pomwe mpanda sunagwe

Mazunzo anaonetsa kusakanizikaku poyera. Ku Lyon mu 177 anaphedwa Pothinus, bishopu wa zaka zoposa 90. Attalus wa ku Pergamum, nzika ya Roma. Alexander, sing'anga wa ku Phrygia. Ndi Blandina, kapolo amene mbuye wake wamkazi, Mkhristu mnzake, ankaopa kuti sapirira, koma ndiye anatsala womaliza. Dikoni Sanctus atafunsidwa dzina, fuko, mzinda, ndiponso ngati ndi kapolo kapena mfulu, yankho lake pa funso lililonse linali lakuti ndine Mkhristu. Ku Carthage mu 203, Perpetua, mayi woyamwitsa wa zaka pafupifupi 22 wochokera m'banja lolemekezeka, anafera limodzi ndi kapolo Felicitas, amene anali atangobereka m'ndende. Khandalo linaleredwa ndi mlongo wina wa mumpingo.

Koma kalata ya Akhristu a ku Lyon yosimba za mazunzowo ikunenanso kuti akapolo achikunja a Akhristu ena anagwidwa n'kuneneza ambuye awo. Ndiye kuti Akhristu anali ndi akapolo. Paulo anabweza Onesimo kwa Filemoni kuti akamulandire ngati mbale wokondedwa, koma sanalamule poyera kuti amumasule, ndipo Aefeso 6 ndi Akolose 3 akuuza akapolo kumvera. Ignatius wa ku Antiokeya, cha m'ma 110, analangiza kuti akapolo asanyozedwe koma asayembekezere kuwomboledwa ndi thumba la mpingo. Traditio Apostolica ikuti kapolo wa Mkhristu asalowe kalasi popanda chilolezo cha mbuye wake. Mawu otsutsiratu kukhala ndi kapolo akudzamveka mochedwa, kwa Gregory wa ku Nyssa cha m'ma 380, ndipo sanatsatidwe.

Komabe mkati mwa mpingo kapolo ankatha kukwera pomwe kunja sakanafika. Callistus anali kapolo wa Mkhristu wina dzina lake Carpophorus, anagwirako ukaidi kumigodi ya ku Sardinia, ndipo mu 217 anakhala bishopu wa Roma. Vuto lomwe anakumana nalo linachokera ku kusakanizika komweku. Amayi achikhristu a m'mabanja apamwamba anali ochuluka kuposa amuna achikhristu a m'mabanja otere, ndipo lamulo la Roma silinkazindikira ukwati ndi kapolo, pomwe kukwatiwa ndi wapansi kunkamutayitsa mkazi ulemu wa banja lake. Callistus analola kuti mpingo uone maukwati oterewa ngati enieni ngakhale boma lisakuwadziwa. Adani ake mumpingo momwemo anakwiya kwambiri, ndipo mbiri yake yambiri taidziwira kwa iwo.

Mpanda womwe unagwa poyamba, wa Myuda ndi wamitundu, ndiwo unamangidwanso, chozondoka. Kachisi wa ku Yerusalemu atagwetsedwa mu 70, mfumu Vespasian inaika msonkho wa madinari awiri pa Myuda aliyense, ndipo funso lakuti Myuda ndani linakhala la boma. Nkhondo ya Ayuda ndi Aroma ya 132 mpaka 135 itatha, Ayuda analetsedwa kulowa mu Yerusalemu, ndipo mpingo wa kumeneko unakhala ndi bishopu woyamba wamitundu, Marcus. Cha m'ma 160 Justin ankanena kuti, m'maganizo mwake, Myuda wokhulupirira Yesu amene akusungabe chilamulo adzapulumuka malinga asakakamize ena, koma anavomereza kuti Akhristu ena sankafuna kulankhula ndi anthu otere kapena kuwalandira m'nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, msonkhano wa mabishopu ku Elvira, ku Spain, unalamula kuti Mkhristu wodya ndi Ayuda aimitsidwe Mgonero. Lamulo saikira chinthu chomwe sichikuchitika: anthu wamba ankadyabe limodzi. Mu 386 ndi 387 John Chrysostom analalikira maulaliki 8 aukali otsutsa Akhristu omwe ankapitabe ku zikondwerero za kusunagoge, ndipo anawalalikira ku Antiokeya, mzinda womwe Paulo anadzudzulira Petro chifukwa chochoka pambale ya amitundu.